A Mbewe ndi Mitsempha Yawo ya Mphira

Tsiku limene a Seveliyano Mbewe anamwalira kunacha kozizira, mphepo ya mwezi wa Juni ikuuluza fumbi ndi timapepala m'misewu ya ku Kawale. Dzuwa linatuluka koma silinkafunditsa munthu. Ndinali pakhonde ndi kapu ya tiyi, ndipo zonse zinkamveka patali kuposa masiku ena: chigayo cha kumsika, amisiri okhoma zidebe ndi mbaula, anyamata oitanira minibasi za ku tauni. Kenako mlongo wawo, amene ankawasamalira, anaonekera pa mpanda wa pakati pa nyumba zathu. Nditangoona nkhope yawo ndinadziwa, ndipo ndinaika kapu pansi.

Papita chaka tsopano. Sabata yatha tinachita Misa yowakumbukira, ndipo titatuluka anthu a mumphakati wathu, mabanja oyandikana amene timapemphera limodzi mkati mwa sabata, anandipempha kuti ndilembe za iwo, poti ndinakhala nawo mpanda umodzi kwa nthawi yaitali.

Ambiri amawakumbukira ngati mkulu wophika mang'ina. Ena amawakumbukira ngati munthu uja anagwetseredwa chisakasa. Ine ndikawaganiza ndimawaona atakhala pa benchi la kumbuyo m'tchalitchi, manja ali pa mawondo, ife tonse tili pamzere wokalandira Ukaristia. Anakhala chomwecho zaka zingapo. Palibe amene anawaletsa. Anadziletsa okha, chifukwa anali ndi mkwiyo pa anthu ena a mumphakati momwemu, ndipo ankati sangapite ku guwa atasenza katundu ameneyo. Ankakalamba, matenda a shuga akuwadya pang'onopang'ono, ndipo mantha anga anali oti imfa idzawapeza akadali pa benchi lija.

Koma munthu asaganize kuti anali mkulu wa nkhope yachisoni. Sindinaonepo munthu wosangalala ndi ntchito ya manja ake ngati iwo.

Moyo wawo wonse anagwira ntchito m'zipatala za boma ngati dokotala wamng'ono, wa mtundu uja amene kumudzi amakhala yekha, kusoka mabala ndi yemweyo, kuzula mano ndi yemweyo. Atapuma pa ntchito anakhazikika kuno. Akazi awo anali atatsogola kale, ndipo mwana wawo mmodzi yekha, Agnesi, anali namwino kunja kwa dziko. Ukawapatsa moni sankakusiya msanga. Dzanja lawo linkakwera mpaka pa mkono pako, zala ziwiri zikufufuza pamene magazi amagunda, maso ali kumbali ngati akumvetsera wailesi ya kwa aneba. Akakusiya ankakuuza kuti uchepetse mchere. Ankauza aliyense zimenezo, ngakhale abambo mfumu.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 chipatala chachikulu chinali ndi makina ounikira m'thupi, aja amayendetsa kachipangizo pakhungu chithunzi n'kumaoneka pa galasi. Dokotala wina wamayi, amene anagwirapo nawo ntchito ali mtsikana, ankaphunzitsa achinyamata kufufuza ndi makinawo mitsempha ya magazi yodwala, yochepa njira, yotsekeka kapena yotupa. Vuto linali lakuti wophunzira sangamachedwe pa mwendo wa munthu amene akubuula ndi ululu. Komanso makina akakonzedwa pankafunika chinthu chodziwika bwino choyeserapo, kuti aone ngati akunena zoona. Kunja amapanga zinthu zoyeserapo zotere m'mafakitale, koma kuno kunalibe. Ndiye mayi uja anakumbukira mkulu wa manja osakhazikika amene kale ankakonza yekha zipangizo zikawonongeka, nabwera ku Kawale kudzawapempha kuti ayese.

Mnofu wake ankaupanga ndi msuzi wa mang'ina. Aliyense amene anaphikapo mapazi a ng'ombe amadziwa kuti msuzi wake ukagona umagwirana, n'kumanjenjemera ukaukhudza. A Mbewe ankawiritsa mang'ina mu sefuliya yaikulu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ankawengula mafuta onse, kusefa msuzi pa nsalu yoyera, n'kuthiramo kaufa ka chinangwa kuti pa makina uzioneka wotuwa ngati mnofu wa munthu. Nyama yake analibe nayo ntchito, choncho inkazungulira m'makomo mwathu m'mbale zovundikira. Inkabwera yopanda mchere, ndipo amayi a m'dera lathu ankathira wawo mobisa, mwini wake atatembenuka.

Mitsempha ankaipanga ndi mphira: zala za magolovesi, tizibaluni tatitali tosewera ana, ndi kamphira kofewa ka m'valavu ya njinga akafuna mtsempha waung'ono. Ankati kupanga mtsempha wabwino si ntchito, luso lili pa kuudwalitsa. Wa munthu wokonda zonona ankaumata mkati ndi phula la kandulo losakaniza ndi zigoba za mazira zosinja, mpaka njira itatsala yongokwana udzu. Wotupa ankaupukuta mbali imodzi ndi kansalu koviika m'parafini kuti mphira ifooke, ndipo akapopa pankafufuma ngati chubu cha njinga chikatsala pang'ono kuphulika. Wa magazi oundana ankaulowetsa kachidutswa ka chiwindi cha nkhuku. Akatha ankayala mitsemphayo m'beseni, nsonga zake zili kunja, n'kuthira msuzi ndi kudikira kuti ugwirane. Magazi ake anali madzi ofiira a chidede, oyendetsedwa ndi pampu ya njinga imene anaisintha kuti izikankha madzi.

Chimene chinkawasangalatsa kwambiri chinali kubisa matenda. Msuzi ukagwirana sungaone za mkati, ndiye iwo okha ndi amene ankadziwa pamene aika phula. Galimoto ya kuchipatala ikabwera kudzatenga mabeseni ankakwera nawo, atavala jekete lawo la bulauni, kuti akaone ana a sukulu akusakasaka ndi makina. Ankabwerako akuseka, akusimba za mnyamata amene anapeza chotupa pamene panalibe, kapena mtsikana wachete amene anapeza zonse asanatope n'kuima. Zinthuzo sizinkakhalitsa. Pakapita masiku ochepa zinkayamba kununkha n'kutayidwa. Nditawafunsa ngati sizinkawawawa, anandiyankha kuti amayi amene amaika maluwa pa guwa sadandaula akafota, amangothyola ena.

Mikangano ankaikonda. Ankakangana ndi ogulitsa nyama kumsika, ati amawaula mang'ina mopitirira mpaka khungu kupsa, ndipo iwo ankawaseka kuti ndi munthu yekhayo mu Lilongwe wogula nyama kuti ataye nyamayo n'kusunga madzi. Ankakangananso ndi dokotala uja. Mabeseni oyambirira onse anabwezedwa. Mayiyo ankati mu msuzi muli timathovu ta mpweya timene tikudetsa chithunzi, kapena kuti mphira yakhuthala kwambiri ndipo makina sakuona za mkati. A Mbewe ankafika kunyumba akuyankhula okha, akuti iwo anayamba kubaya jekeseni mwana ameneyo ali kumsana kwa amake. Kukacha ndinkawaona akupita kumsika ndi chikwama, chifukwa mayiyo ankanena zoona. Ankavomera kwa ine ndekha, mawu ali pansi, kuti mwana uja amaona.

Akazi anga atamwalira ndi sitiroko, abale ena anayamba kunong'ona kuti munthu sangagwe chonchija akuchapa, pali dzanja la munthu. Ine sindinkakhulupirira zimenezo, komabe zinkandisowetsa mtendere. Maliro atatha a Mbewe anandiitanira ku chisakasa chawo. Anandipatsa pampu, nalumikiza mtsempha wopanda vuto, nati ndipope. Madzi anayenda mosavuta. Analumikiza wina wa phula mkati. Pampu inalimba m'manja mwanga, mphira inatupa, ndipo nditakankha mwamphamvu inang'ambika pambali, chidede n'kutayikira pa tebulo. Anati zimenezo ndi zimene zinachitika m'mutu mwa mayi a kunyumba, ndipo zinayamba kalekale, mwakachetechete, popanda mdani aliyense. Kenako anandipatsa kansanza kuti ndipukute tebulo, ati munthu wolira manja ake azikhala ndi chochita. Kuyambira tsiku limenelo manong'onong'o aja sanandivutenso.

Mdani wa ntchito yawo anali dzuwa. M'nyengo yozizira msuzi unkagwirana wokha pa shelefu, koma Okutobala akafika unkasungunuka. Iwo analibe firiji. Choncho anagwirizana ndi a Kachingwe, mwini golosale ya pakona komanso mnzathu wa mumphakati, kuti aziika mabeseni ovundikira m'munsi mwa firiji ya zakumwa mpaka galimoto itabwera. A Kachingwe ankadziwa bwino za m'mabesenimo. Anapopapo pampu ija kangapo, ndipo mbale yawo ya mang'ina inkakhala yodzaza kuposa zathu.

Chaka china nyengo yotentha inafika pamodzi ndi mphekesera zochokera kummwera, zoti kukuyenda anamapopa, anthu opopa magazi a anzawo ndi timachubu kuti akagulitse. Palibe amene anawaonapo ndi maso ake, koma aliyense anali ndi msuweni amene anawaona. Mlendo akafunsa njira anthu ankamuyang'ana chikwama. Ndinawauza a Mbewe kuti mwina ayambe apumira ntchito mpaka mphepo imeneyi itadutsa. Anaseka, nati Kawale yense anadya mang'ina awo, ndani angawaganizire zoipa.

Linali Loweruka masana. Mayi Nachisale, amene ankatsogolera nyimbo mumphakati, analowa m'golosale kukagula chakumwa. A Kachingwe anali otanganidwa ndi kupimira wogula shuga pa sikelo, nawauza kuti atenge okha m'firiji. Mayiwo anasuntha beseni kuti afikire mabotolo a kumbuyo, chivundikiro chinagwa, ndipo anaona chinthu chonga mnofu chikunjenjemera, timachubu tofiira titatulukira m'mbali. Anakuwa. Anthu anadzaza pakhomo la golosale, ena akufuna kuphwanya firiji. Atafunsidwa, a Kachingwe anayang'ana gulu lija, nayang'ana katundu wawo pa mashelefu, nanena kuti beseni ndi la a Mbewe, ndipo iwo sanauzidwepo za mkati mwake.

Ndinamva phokoso likubwera ndi msewu wathu, ndipo pamene ndinkatuluka anthu anali atalowa kale ku chisakasa. Anapeza zonse zimene mphekesera zinkanena: pampu, timachubu titayanikidwa pa waya, mabotolo a madzi ofiira. Ena anakumbukira galimoto yoyera imene inkabwera kudzatenga mabeseni. A Mbewe anaima pakhomo akuyesa kufotokoza za phula ndi zigoba za mazira, ngati ali m'kalasi. Ataona kuti palibe akumva, anatenga botolo limodzi, nalitsegula, namwa pamaso pa onse. Kwa iwo umenewo unali umboni wosatsutsika woti ndi chidede. Anthu anaona mkulu akumwa zofiira, zina zikutsikira m'ndevu zake zoyera. Kenako chidutswa cha njerwa chinawagunda paphewa.

Ndinawakokera m'nyumba mwanga n'kutseka chitseko. Tinamva malata akuzulidwa, mabeseni akupondedwa, sefuliya ikugubuduka pa msewu. Apolisi atafika gulu linamwazika, ndipo madzulo omwewo dokotala uja anabwera ndi kufotokozera akuluakulu a dera za ntchitoyo. Pofika Lolemba aliyense ku Kawale ankati iye sanali nawo, anangopita kukaona.

Apolisi anapempha a Mbewe kuti atchule mayina a anthuwo. Anakana kutchula ngakhale limodzi, ndipo ine ndinawayamikira kuti achita zachikhristu. Anandidzudzula, ati ndisawapake utoto umene alibe. Sanatchule mayina chifukwa sankafuna kuti nkhani yawo ikathere kupolisi. Anyamata osawadziwa amene anaponya njerwa analibe nawo mawu. Chimene chinawalasa chinali chakuti anaona pawindo anthu a mumphakati, amene ankagwada nawo pa mkeka umodzi, atanyamula malata awo. Anamva liwu la Mayi Nachisale, amene iwo ankawamvetsera kugunda kwa magazi pa mkono sabata iliyonse, likuloza nyumba. Ndipo anamva zimene a Kachingwe ananena.

Lamulungu lotsatira anabwera ku Misa dzanja lili m'nsalu. Anaimba mokweza monga mwa masiku onse, koma nthawi yolandira itakwana anakhala pansi.

Anthu anabwera kudzapepesa, ndipo ndinalipo. Malata anabwezedwa, amuna a mumphakati anamanganso chisakasa. A Kachingwe anayankhula maso ali pansi, Mayi Nachisale anagwada pa dothi akulira. A Mbewe anawapatsa mipando, nawamvetsera mpaka kumapeto, nanena kuti amva. Anthu anadikira mawu ena, koma sanabwere. Abambo mfumu anakambirana nawo kangapo, ndipo anawayankha mwaulemu kuti sakukana kukhululuka, koma akadziyeza amapeza mkwiyo ukugundabe, ndipo dokotala salemba kuti munthu wachira pofuna kusangalatsa abale. Nanenso ndinayesa tsiku lina tikuchokera ku tchalitchi.

“A Phiri,” anatero, “inu mumapemphera kuposa ine, ndiye ndiuzeni. Ndikanene kuti ndakhululuka pamene sindinakhululuke? Kachingwe ndingamunamize. Nanga uyo wa pa guwa?”

Sindinawafunsenso, ndinangoika dzina lawo m'mapemphero anga a korona a m'mawa.

Sanachite chipongwe kwa munthu. Pa moni wa mtendere ankagwira dzanja la a Kachingwe ngati la wina aliyense, kungoti zala zawo sizinkakweranso pa mkono. Ku mapemphero a mphakati anasiya kubwera, koma maliro akagwa m'dera ankakhala woyamba kufika ndi mpando wawo. Ntchito anaiyambiranso, ndipo dokotala uja anawapezera kafiriji kakale. Ndinganene kuti zaka zimenezo ndi zimene anapanga zinthu zabwino kwambiri. Anaphunzira kupanga mitsempha ya nthambi ziwiri ngati ya pakhosi, ndi yopotana ngati ya m'miyendo ya amayi obereka kambiri. Anaumba mwendo wathunthu m'paipi yodula pakati, nautcha Bambo Mafuta. Madzulo tinkakhala pa benchi la m'chisakasa, iwo akusinja zigoba za mazira mu kamtondo, wailesi ikuulutsa mpira, ndipo ankaimba nyimbo za Chilatini zimene anaphunzira ali mwana, mawu ena akungopeka. Anali munthu wokhutira, kupatula pamalo amodzi paja, ndipo pamenepo ankapasunga mosamala ngati bala losafuna kukhudzidwa.

Kenako phazi lawo lamanzere linayamba kuzizira, chala chachikulu n'kuda. Anadziwa okha chimene chinali. Ndinawaperekeza kuchipatala, ndipo powaunika anapempha kuti awatembenuzire galasi aone. Anayang'ana mtsempha wawo wotsekeka kwa nthawi, nauza dokotala uja kuti iwo akanabweretsa ntchito yosalongosoka chonchi akanawabwezera. Mayiyo anaseka misozi ili m'maso. Panalibe njira ina koma kudula mwendo m'munsi mwa bondo, ndipo popeza magazi awo anali ochepa, achipatala anapempha kuti abale abwere kudzapereka opaleshoni isanachitike. Agnesi anali kutali. Mlongo wawo ndi ine tinali okalamba, tonse a mapiritsi a kuthamanga kwa magazi.

Mumphakati tili ndi mwambo wotchula odwala tisanatseke mapemphero, n'kugawana zochita. Ndinatchula a Mbewe, ndi kunena chimene chinkafunika. Anthu anayang'ana pansi, chifukwa nkhani ya magazi inali isanathe m'mitu ya ambiri. Amene anaimirira koyamba anali a Kachingwe. Kenako Mayi Nachisale anati nawonso apita, ngakhale chibadwire jekeseni amaiopa kuposa njoka. Anatsatira ena angapo, ena mwa iwo omwe aja ananyamula malata.

Nditawauza a Mbewe m'wodi anakwiya kwambiri. Anati anthuwo akufuna kuwagula, ndipo ine ndawathandiza. Anatinso magazi amenewo amangopita m'firiji ya chipatala, amene iwo adzalandire akhoza kukhala a munthu wa ku Mtsiliza amene sanawalakwirepo. Ndinawayankha kuti ngati zili choncho palibe chodandaula. Anatembenukira kukhoma.

Nthawi yoona odwala itakwana a Kachingwe ndi Mayi Nachisale analowa, aliyense kathonje kali pa mkono, naima kumiyendo kwa bedi. A Mbewe ndi amene anayamba kuyankhula.

“Mayi Nachisale, ndamva kuti akupopani.”

“Andipopa, abambo. Ndinatsinzina.”

“Munakuwa?”

“Pang'ono pokha.”

“Ndiye kuti mwakula. Tsiku lija anakumvani mpaka ku Biwi.”

Odwala a m'mabedi oyandikana anaseka osadziwa nkhani yake, ndipo mayiwo anaseka nawo akupukuta maso ndi chitenje. A Kachingwe sanaseke.

“A Mbewe,” anatero, “ine za m'beseni muja ndinkazidziwa.”

“Ndikudziwa kuti munkazidziwa. Khalani pansi, munthu akapereka magazi saima nthawi yaitali.”

Ndinadikira kuti mwina apitiriza, koma anangofunsa ngati anthuwo apatsidwa chakumwa cha shuga. Opaleshoni inayenda bwino. Anabwerera kunyumba ndi ndodo ziwiri, ndipo Lamulungu loyamba limene tinawatengera ku tchalitchi pa njinga ya olumala, anakhalabe kumbuyo nthawi yolandira. Mtima wanga unagwa, chifukwa ndinkaona mmene jekete lija linkawakulira mwezi ndi mwezi.

Mvula inagwa n'kutha. Tsiku lina m'mawa, m'nyengo ya Lenti, anandiitana kudzera pa mpanda. Ndinawapeza pakhonde akudula zala za golovesi, ngakhale mphamvu zonyamula sefuliya analibenso. Anandiuza kuti ndikaitane abambo mfumu, ndipo podutsa ndiuzenso Kachingwe ndi Nachisale kuti abwere. Ndinafunsa chimene chasintha. Anati ndisaganize kuti magazi aja anagula kanthu, chifukwa atatuluka m'chipatala mkwiyo unalipobe. Koma m'mawa uliwonse akhala akuufunafuna monga ankafunira mtsempha pa mkono wa mwana wonenepa, kudina apa, kudina apo, ndipo kwa masiku tsopano sakuupeza. Anadikira kuti aone ngati wangobisala. Sanadziwe tsiku limene unachoka, ndipo anati si iwo anauchotsa.

Abambo mfumu anabwera madzulo ake. Tinadikira panja pamene a Mbewe ankalapa, kenako anaitana awiri aja kuti alowe okha. Zimene anakambirana sindinazimve. Chitseko chitatsegulidwa tonse tinalowa, ndipo analandira Ukaristia atakhala pa mpando wawo wa nsungwi, a Kachingwe atagwada kumanja kwawo, Mayi Nachisale akuyambitsa nyimbo. A Mbewe anawakonza kuti ayamba mokwera kwambiri, ndipo tinayambiranso. Kuchokera pamenepo mpaka Juni, Lamulungu lililonse a Kachingwe ankakankha njinga ija pamzere wopita ku guwa, a Mbewe akuwadzudzula kuti amayendetsa ngati wa minibasi.

Chisakasa chikadalipo. Mlongo wawo sanafune kuchigwetsa, ngakhale ena anapempha kuti achite lendi. Waya woyanika uja ali pomwepo, ndipo timphira totsala tinauma ndi kusweka, ukatikhudza timagwa ngati masamba a fodya. Kafiriji kali kotsegula kuti kasachite nkhungu, mkati muli dzira la nkhuku ya kwa aneba imene inapeza malo oikira. Pa tebulo pali madontho ofiirira amene sachoka ngakhale ukweche. Sefuliya anaibwereka amayi a mumphakati kuti aziphikira pa maliro ndi pa maukwati, ndipo pamene inkakhala patsala bwalo loyera pa simenti. Fungo la mang'ina linatha kalekale. Ana a sukulu aja tsopano akugwira ntchito m'maboma osiyanasiyana, ndipo ndamva kuti kuchipatala anapeza zoyeserapo za kufakitale zimene sizinunkha.

Agnesi sanathe kufika pa maliro, koma anabwera ku Misa ya sabata yatha. Anaona a Kachingwe akuwerenga mapemphero a anthu, Mayi Nachisale akutsogolera nyimbo, ndipo nkhope yake inalimba. Madzulo anandipeza ndikusesa m'chisakasa. Anaima pakhomo akuyang'ana waya uja. Anati bambo ake pa foni ankangokamba za mitsempha ndi za mchere, za anthu aja sanatchulepo kanthu, koma nkhaniyo anaimva kwa azakhali ake, ndipo wakhala zaka zonsezi akuwasungira mkwiyo kutali komwe ali. Anafuna kudziwa ngati ayenera kupitiriza.

“Abambo, inu munalipo. Ndiuzeni zoona.”

Ndinatsamiritsa tsache kukhoma, ndi kumuuza zimene ndalemba panozi. Bambo ake anachedwa, chifukwa sankafuna kunama, koma anawakhululukira.